Mwana wa Nkhonya Ngwa Yani?

Ana anga, mumandiseka kuti nkhani iliyonse ndimaiyamba ndi mawu oti "nthawi imene ndidali mphunzitsi wa masewero." Sekani, mano ndi anu. Koma popeza maondo andikana ndipo ndikungoswera pakhonde, ndati ndilembe zina mwa zimene ndidaona pantchito, kuti mukadzafuna kundifunsa ine kulibe, mudzapeze poyambira.

1995, ku Manjawira

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza zipani zambiri zitangoyamba, nthawi imene sukulu zoyima pazokha zinkamera ngati bowa. Aliyense amene golosale yake idagwa ankalemba chikwangwani n'kutsegula sekondale. Yathu ya ku Manjawira idali nyumba yosungiramo chimanga kale, moti anankafumbwe ankatigwera m'mabuku kuchokera kudenga. Ndidalembedwa kuti ndiziphunzitsa Chichewa ndi Baibulo. Za masewero zidandigwera chifukwa cha kherere limene amalume anga, omwe adandilera n'kundiphunzitsa sukulu, adandibweretsera kuchokera ku Joni. Mwini sukulu adaliona likulendewera pakiyi wanga. "Aphunzitsi, limalira limeneli?" Ndidaliimba. "Basi, masewero ndi anu," adatero. Umo ndimo munthu wamfupi ine, amene sindidagoletsepo chigoli chibadwire, ndidakhalira mkulu wa masewero.

Mpira tidali nawo umodzi. Wosoka nsapato wa pamsika adausoka mpaka ulusi udachuluka kuposa chikopa. Mitengo ya golo inkasowa dzinja lililonse, chifukwa anthu akamafuna nkhuni youma sayang'ana kuti iyi ndi ya sukulu. Masewerowo adali a wofuna, ndipo ofunawo adali anyamata okhaokha. Atsikana ankakhala pamthunzi kulukana tsitsi.

1999, kwa Mayi Chimbalanga

Ndidasamukira kusukulu yogonera konko pafupi ndi boma la Ntcheu, ndipo kumeneko ndidakhalako mpaka kupuma. Mwini wake adali Mayi Chimbalanga, namwino wopuma pantchito, mayi wamtali wa mawu osafuna chimkuzamawu. Ndidawaopa tsiku loyamba, ndidawaopabe tsiku lomaliza, koma ndidawakonda kwambiri. Lamulo lawo lalikulu silidali la yunifolomu kapena la Chingerezi ayi. Lidali la masewero. Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa, mwana aliyense ankayenera kupezeka pabwalo n'kutuluka thukuta. Wonenepa, wowonda, mwana wa abusa, mwana wa abwana, onse. Ankati, "Mwana wotopa sadumpha mpanda." Wodumpha mpanda ankalongedza katundu tsiku lomwelo, popanda kukambirana. Odwala mutu wa Lachitatu ankawayeza okha, n'kuwapatsa madzi a m'kapu, n'kuwaperekeza kubwalo atawagwira padzanja. Ngakhale ife ogwira ntchito sitinkapulumuka. A Dizimasi, ophika athu, ankaima pagolo atavala epuloni, ndipo ankagwira mipira kuposa anyamata.

Khomo lotulukira lamuloli lidatseguka patapita zaka, pamene mnyamata wina adatengedwa ndi timu ya mpira ya m'tauni. Mphunzitsi wake wa kumeneko sankafuna kuti mwanayo azithyoka miyendo pabwalo lathu la zibuma. Mayi Chimbalanga adalola, koma adaika mfundo ziwiri. Kholo libwere lokha lidzapemphe ndi pakamwa, ndipo ine ndipite kukaona ndi maso anga kuti mwanayo akutulukadi thukuta kumene akupitako. Zikatero ankamasulidwa ku masewero a pasukulu. Omasulidwa otere adali ochepa, ndipo onse adali anyamata a mpira wamiyendo, kufikira pamene kudabwera Esinati.

2012, Esinati Ngozo

Chaka chimenecho zinthu zinkasowa, mafuta a galimoto ndi shuga yemwe, moti maulendo okasewera ndi sukulu zina tidawaimika. Ndinkakhala nthawi yambiri pabwalo la atsikana, ndipo m'pamene ndidamuona bwino Esinati Ngozo wa Fomu 3, mwana wa mlimi wa kachewere wa kufupi ndi Lizulu. M'kalasi adali wochenjera, koma pa mpira wamanja adali tsoka lenileni. Ankangoima ngati chitsa, ndipo mpira ukamubwerera, m'malo mowakha ankaumenya ndi chibakera n'kuutumiza m'munda wa eni ake. Anzake ankakana kukhala naye timu imodzi. Lolemba lina adalowa m'kalasi mlomo uli wotupa. Ndidaganiza kuti pali kamnyamata kamene kayamba kale kumuphunzitsa za banja. Ndidamuitanira pambali.

"Wakumenya ndani?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndidachedwa kutsitsa mutu."

"Kutsitsa mutu kuti?"

Adayang'ana pansi, kenaka adati, "Ndimamenya nkhonya kwa amalume anga. Loweruka masana mukatilola kupita kumsika, ine ndimapita kumeneko. Koma ndimafika nditatopa kale ndi mpira wanu uja."

Mpira wanga uja! Ndidaseka ndisanafune. Ndidamuuza za mfundo ziwiri za Mayi Chimbalanga, ndipo mawa lake amalume akewo adatulukira. Dzina lawo adali a Layitoni Phiri, mlongo wawo wa malemu amake a Esinati. Kwawo kudali ku Kasinje, koma ankakonza njinga paboma. Adali bambo wa mphuno yophwanyika ndi mawu ofatsa ngati a mkulu wa mpingo. Adagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo nkhonya adaziphunzira m'komboni ya kumeneko. "Mwanayu ndi mbumba yanga," adatero. "Ndabwera kudzamupempha."

Loweruka ndidapita kukaona. Kuseri kwa shedi ya njinga adapachika thumba la utuchi pamtengo wa mango. Magolovesi adali akale, osokedwasokedwa ngati mpira wathu wa ku Manjawira. Esinati adalumpha chingwe mpaka ine wongoonerera ndidayamba kupuma mwabefu. Kenaka adayamba kulimenya thumba lija. Ana anga, chitsa chija sindidachione. Mapazi ake ankavina, maso ali gwa, ndipo nkhope yake inkawala ndi chimwemwe chimene sindidachionepo pabwalo langa. Ndidachita nsanje pang'ono, sindikubisirani.

Nditabwerera, Mayi Chimbalanga adafunsa mafunso awo awiri. "Thukuta likutuluka?" Ndidati likuchita kuyenderera. "Kholo labwera?" Ndidati abwera amalume ake enieni, a bere limodzi ndi amake. Mayiwo kwawo kudali kwa chikamwini ngati kwathu, kumene mwini mwana ndi malume. Adangoti, "Nanga tifunenso ndani?" Za nkhonya za mtsikana sadadandaule nazo. Adati m'chipatala adasoka amayi ambiri amene akadakhala bwino akadadziwa kutsitsa mutu. Esinati adamasulidwa, ndipo teremu imeneyo ngakhale masamu adakhoza.

Zinthu zidasokonekera pamene kuholo ya paboma kudachitika nkhonya za achinyamata. Esinati adamenyana ndi mtsikana wa ku Balaka n'kumugwetsa. M'holomo mudali anyamata okweza matumba a kachewere a pa Lizulu. Nkhani idafika pamsika Esinati asanavule n'komwe magolovesi, ndipo bambo ake adaimva kwa anthu, akuwayamikira pakati pa gulu chinthu chimene iwo sankachidziwa.

A Ngozo adafika Lolemba m'mawa atavala jekete ndi chipewa. Adali munthu wamtali, wosathamanga polankhula. Adakhala muofesi ya Mayi Chimbalanga, ine ndili chiimire pakhomo ngati mwana wolakwa.

"Amayi, ndimati ndifunse. Mwana wanga ndidamupereka kusukulu kapena kushedi ya njinga?"

Mayi Chimbalanga adafotokoza za lamulo, ndi kuti kholo lidabwera kudzapempha.

"Kholo liti?"

"Amalume ake," ndidayankha ine.

Adatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato. "Aphunzitsi, kwanu n'kuti?" Nditawauza adagwedeza mutu. "Ndiye chake. Kwathu sitikwatira choncho. Ng'ombe zidatuluka m'khola la bambo anga kupita kwa a Phiri. Ndidalowola ine. Mwana uyu ndi NaNgozo, ndipo malume alibe mawu pa iye." Sadakweze mawu ngakhale pang'ono. Adati pofika Loweruka, mwana wawo akhale pabwalo la sukulu ngati ana ena onse, ndipo kushedi asapondekonso. "Zikakanika ndidzamutenga. Minda ilipo, ndipo manja mwandilimbitsira kale."

Atachoka, Mayi Chimbalanga adati nkhani yatha, ndikamuuze mwanayo kuti abwerere ku mpira wamanja. Ndidakamuuza. Esinati sadalire. Adangoti, "Ndamva, aphunzitsi. Koma ndizidumpha mpanda." Adanena ngati akundiuza kuti kunja kukugwa mvula. Ndidadziwa kuti adzachitadi, ndipo ndidadziwanso chimene Mayi Chimbalanga amachita ndi wodumpha mpanda. Ndikamusiya kushedi, bambo ake amuchotsa sukulu. Ndikamubweza pabwalo, sukulu imuchotsa yokha. Uku ndi uku mwana wanzeru ankathera m'munda wa kachewere, atatsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso.

Madzulo ake ndidawafotokozera mayi anu tikusenda nandolo. Mukudziwa kuti mayi anu ndi a ku Kasinje, ndipo palibe maliro a kumeneko amene sawadziwa. Adandiyang'ana momwe amandiyang'anira ndikavala malaya mopotoza. "Inu mukuona nkhonya," adatero. "Anthuwo akulimbirana maliro." Adandiuza kuti amake a Esinati atamwalira, a Phiri adapita ku Lizulu kukatenga thupi kuti akaliike kwawo. A Ngozo adakana, poti mkazi wolowoledwa amagona kwa mwamuna wake. Padali mawu oipa pasiwa. A Layitoni adanyamuka bokosi lisanatuluke m'nyumba, ndipo chichokereni sadapondekonso. Manda a mlongo wawo sadawaone.

M'mawa mwake ndidalowa muofesi n'kunena kuti sindimubweza Esinati pabwalo ndisanayese kukumanitsa anthu awiriwa. Mayi Chimbalanga adavula magalasi. "Bambo Kamwendo, ntchito yanu ndi kherere, si unkhoswe." Ndidati ndikudziwa, koma mwanayo tidamumasula ndife, ndipo sindingathe kumutaya ngati mpira wophulika. Mayiwo adavalanso magalasi awo. Kenaka adati, "Chitani. Koma kholo ladandaula ndipo inu mukukana kumvera. Mwanayo akachoka pasukulu pano chifukwa cha zimenezi, inunso mudzamutsatira." Sankaopseza, ankangonena momwe zinthu zilili. Nthawi imeneyo atatu mwa inu munkaphunzira pasukulu pomwepo chifukwa cha ntchito yanga. Ndidatuluka muofesimo n'kulunjika kushedi ya njinga.

A Layitoni ndidawapeza akuwongola mkombero wa njinga. Nditanena kuti tipite ku Lizulu akapemphe mwana kwa bambo ake, adaika sipanala pansi.

"Ine ndikagwade kwa munthu amene adandilanda mlongo wanga? Aphunzitsi, mwandiona bwino?"

"Ndakuonani. Ndaonanso mwanayo akumenya thumba."

"Mbumba ndi yanga imeneyo. Magazi ake ndi a kwathu."

Apa mtima udandipsa. Ndidati, "Chabwino, mbumba ndi yanu. Loweruka ikupita kukakumba kachewere, ndipo inu mutsala ndi thumba lanu la utuchi. Muzilimenya nokha." Ndidawauza kuti Loweruka m'mawa ndidzakhala pasiteji, abwere kapena asabwere. Ndidachoka ndikudziwa kuti mwina ndaonjeza moto.

Chimene chidandisowetsa mtendere kwambiri chidali chakuti ndimutenge Esinati kapena ndimusiye. Kumutenga kudali ngati kukamupereka ndekha, chifukwa bambo ake akadatha kungoti alowe m'nyumba, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anthu akuluakulu tidali titamukambirana mokwanira iye kulibe. Ndidaganiza zomutenga. Loweruka limenelo, koyamba chiyambireni ntchito, sindidaime pabwalo. Kherere ndidawasiyira a Dizimasi, amene adalilandira ndi manja awiri ngati apatsidwa ufumu.

Pasiteji tidawapeza a Layitoni atafika kale, atavala jekete lakale la ku Joni lomwe mabatani ake sankakumananso. Tidanyamuka tonse atatu. Minibasi idatisiya pa Lizulu pakati pa milu ya kabichi ndi mabeseni a kachewere, ndipo tidayenda wapansi kulowa m'mudzi, mphepo yozizira ikutilasa m'makutu. Esinati ankatsogola. Ndidaona kuti tikamayandikira, amalume ake ankafupikitsa mapazi.

A Ngozo tidawapeza pafupi ndi khola. Atationa adaima kanthawi, kenaka adaitanitsa mipando. Idabwera iwiri, wawo ndi wanga. Ndidafuna kupereka wanga, koma a Layitoni adandigwira mkono. Adavula chipewa n'kukhala pansi padothi, munthu wa imvi, pamaso pa mlamu wawo. Esinati adagwada chapatali. Titalonjerana, ndidayamba kufotokoza chimene tabwerera, koma mawu anga a uphunzitsi adangozungulira ngati mbuzi yapachingwe. A Layitoni adandidula.

"Alamu, ndidatenga mwana osapempha. Mwana ngwanu. Ndabwera kudzabwereka."

A Ngozo adayang'ana kukhola, adayang'ana kuphiri, adachotsa kachitsotso pathalauza. Ine ndinkangoganiza za inu ndi za katundu amene tidzalongedze. Kenaka adatembenukira kwa mwana wawo.

"NaNgozo."

"Wawa, bambo."

"Mtsikana wa ku Balaka uja udamugwetsadi, kapena anyamata a pamsika amangokometsa?"

"Ndidamugwetsa, bambo."

"Ndi dzanja liti?"

"Lamanzere."

A Ngozo adatsitsa mutu. Ndidaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo sindidadziwe ngati akuseka kapena akulira. "Amake adalinso amanzere," adatero. "Khasu lililonse pakhomo pano adalipotoza mpini." A Layitoni ali pansi pomwepo adati, "Adayamba ali mwana. Ine adandigwetsapo ndi chipande." Anthu awiriwo adaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene aiwala kasekedwe kake.

Atapukuta m'maso, a Ngozo adalankhula ndi ine. Adati iwo nkhonya sadana nazo, Mngoni sadabwa ndi mwana wolimba mtima. Chidawapweteka n'kumva za mwana wawo pamsika ngati mlendo. "Aphunzitsi, mukawauze amayi aja kuti kholo lapempha tsopano, kholo lenileni. Lolemba mwanayu akhale m'kalasi, ndipo mpira wamanja mumupumitse, akuonongerani mbewu za anthu." Kenaka adaika mfundo yawo. Nthawi ya sukulu Esinati aziphunzira kushedi. Koma patchuthi thumba lija lizipachikidwa pakhomo pawo, ndipo amalume ake omuphunzitsawo azigona pomwepo. "Sindifuna mwana wanga azikulira kwa eni ake ngati kuno kulibe mitengo."

"Zikomo Ngozo," adatero a Layitoni akuomba m'manja.

"Zikomo Phiri. Dzukani pansipo, mukundichititsa manyazi. Iwe NaNgozo, amalume ako alibe mpando?"

Mtima wanga udakhala pansi, ndipo ndidayamba kumva njala. Ndinkaganiza kuti tatha. Koma a Layitoni, mpando utabwera, sadaukhalire. Adaima akupotokola chipewa m'manja, munthu amene adamenyana ndi amuna a mitundu yonse m'migodi. Potsiriza adati, "Alamu, ngati n'kotheka, tsiku lina mudzandipemphere kwa eni manda. Ndikaone pamene adagona."

A Ngozo adaimirira n'kuvala chipewa chawo.

"Ndidapempha kale, chaka chomwe chija, ndipo adati tsiku limene mudzabwere njira ndi yotsegula. Koma musakadabwe, alamu, mukapeza mtumbira wadothi. Abale anga andinena mpaka atopa kuti ndimange chiliza. Ndimawauza kuti chiliza cha NaPhiri sindingamange ndekha mlongo wake palibe."

A Layitoni adaphimba nkhope ndi chipewa. Esinati adadzuka n'kuwagwira dzanja, ndipo atatuwo adalowera kanjira ka kuseri kwa khola. Ine ndidatsala pampando paja, chifukwa kumene ankapitako sikudali kwa mphunzitsi wa masewero.